Mtima wabwino wokha sukwanira: zaka zanga za digiri ya social work ku Blantyre

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, kunyumba kwanga ku Bangwe kumabwera atsikana ndi anyamata a kutchalitchi kwathu, ena ndi makolo awo, kudzafunsa za maphunziro amene ndinachita. Ambiri amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Anti, ine ndimakonda kuthandiza anthu." Ndimawakhulupirira, chifukwa nanenso ndinalowa ndi mtima womwewo. Koma chikondi cha anthu mumachita kubwera nacho kuchokera kwanu. Chimene digiri ya social work, ya ntchito za chisamaliro cha anthu, imakupatsani m'zaka zinayi ndi kudziwa lamulo limene likuteteza munthu amene wakhala patsogolo panu, khomo limene ayenera kukagogoda, ndiponso maola amene atsala kuti chithandizocho chikhale ndi phindu. Ndalemba izi kuti amene akuganiza zoyamba maphunzirowa alowe akudziwa katundu amene akukasenza.

Ine ndinayamba kumapeto kwa 2019, ndili kale mayi wa ana awiri. Ndinali nditakhala zaka zingapo ndikuthandiza mongodzipereka pasukulu ya mmera mpoyamba ya m'dera lathu, ndipo kumeneko n'kumene ndinkaona ana obwera ndi zipsera zimene sizinali za kugwa posewera, ine n'kumangowasisita, osadziwa kopita nazo. Mkati mwa sabata ndinkagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, Loweruka ndi Lamlungu n'kukhala m'kalasi. M'kalasi mwathu munali aphunzitsi a kupulayimale, apolisi, sisitere, alangizi a zaumoyo, ndi achinyamata ochepa ochokera kumene ku sekondale. Kusakanikirana kumeneko kunatithandiza kwambiri, chifukwa nkhani iliyonse imene mphunzitsi wayambitsa, pankapezeka wina amene anakumana nayo kale kuntchito.

Malo ophunzirira alipo angapo. Yunivesite ya Malawi ku Zomba ili ndi digiri imeneyi. Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, imene inatsegulidwa mu 2006, ili nayonso, ndipo kwa ife a ku Bangwe ndi pafupi. Ilipo DMI St John the Baptist ya ku Mangochi. Koleji ya boma ya Magomero ku Chiradzulu ndiyo yakhala ikuphunzitsa alangizi a chisamaliro cha anthu ndi a chitukuko cha m'midzi kwa zaka zambiri, ndipo ena amayambira kumeneko n'kudzakwera ku digiri pambuyo pake. Amene mtima wake uli pa uphungu ndi matenda a maganizo ayang'anenso ku Saint John of God ku Mzuzu. Polowa ku digiri kuchokera ku Fomu 4 pamafunika makirediti 6 pa MSCE, limodzi likhale la Chingerezi. Musanalipire ngakhale tambala imodzi, fufuzani ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'sukulu zaukachenjede, ngati pulogalamu imene mukuifunayo ndi yovomerezeka. Ndikunena pulogalamuyo, osati dzina la sukulu lokha. Mnzanga wina amene tinkagulitsa naye kaunjika analipira zaka ziwiri pakoleji ina ya m'tauni muno asanadziwe kuti maphunziro akewo sanali pamndandanda, ndipo anayambiranso chaka choyamba kwina.

Za ndalama ndinene mosabisa. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, HESLGB, lakhala likugwira ntchito kuyambira 2015, ndipo limathandizanso ena a m'mayunivesite omwe si aboma ngati ali ovomerezeka. Funsani msanga ngati njira imene mukulowerayo ikukuyenerezani kupempha. Ine fizi yanga inkachokera ku kaunjika ndi ku banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu: ndinkabwereka semesita ikamayamba, n'kubweza isanathe. Koma fizi ndi gawo limodzi chabe. Pali fotokope, bandulo ya intaneti, ndi minibasi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo bajeti imene ndinapanga poyamba inasanduka pepala chabe. Ndalama imene ambiri saiwerengera ndi ya atachimenti, nthawi imene mumapita kukaphunzira ntchito pamalo enieni. Malo ambiri salipira, mumayenda tsiku lililonse, ndipo geni yanu imaima. Yambani kusungira atachimenti kuyambira chaka choyamba.

Titangozolowera kalasi, sukulu zonse zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Manotsi ankabwera pa WhatsApp, ndipo ndinkawerenga usiku ana atagona, foni ili patchaja kwa aneba amene anali ndi magetsi. Miyezi imeneyo, kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Ena mwa iwo ndinkawadziwa mayina, ndinawaona akukula. Titabwerera m'kalasi, palibenso amene ankafunsa kuti phunziro la chitetezo cha ana n'lantchito yanji.

Zaka ziwiri zoyambirira zimadabwitsa amene ankaganiza kuti azingophunzira kulangiza anthu. Mumayamba ndi sociology ndi psychology, kakulidwe ka munthu kuchokera ali khanda mpaka ukalamba, mbiri ya ntchito za chisamaliro cha anthu, ndi kalembedwe ka Chingerezi cha kuyunivesite. Kenako pamabwera statistics, imene inalembetsa sapu, mayeso obwereza, anzathu ambiri amene anathawa masamu ku sekondale poganiza kuti kuno kulibe. Ipezereni gulu lowerengera limodzi msanga. Ife tinkakumana m'kalasi ina ya pulayimale ku Limbe, ndipo mphunzitsi wa masamu amene anali mnzathu m'kalasi ndiye anatiwolotsa.

Maganizo ambiri amene mumaphunzira anachokera ku Ulaya ndi ku America. Mudzamva za Abraham Maslow ndi makwerero ake a zosowa za munthu, za Erik Erikson ndi magawo 8 a moyo, za Carl Rogers amene ankati mlangizi azimvetsera mosaweruza. Ena mwa anzanga ankangoziloweza kuti akhoze mayeso, ena ankazitaya kuti n'zachizungu. Ine ndinaona kuti phindu lake limabwera ukaziyesa ndi moyo wa kwanu. Maslow amaika chakudya pansi penipeni, ulemu ndi ubale pamwamba, koma ine ndaonapo mayi akugulitsa thumba lake lomaliza la chimanga kuti akapezeke pamaliro a apongozi ake ku Phalombe, ndipo sanali wopusa: ankadziwa kuti abale omwewo ndiwo adzamusunge njala ikadzavuta. Amene anandigwira mtima ndi Urie Bronfenbrenner, amene ankati mwana sungamumvetse payekha popanda kuona banja, sukulu, mudzi ndi malamulo a dziko zimene zamuzungulira. Zimenezo agogo anga ankazidziwa osapita kukoleji, koma iye anandipatsa njira yozilembera mwadongosolo.

Mphunzitsi wathu wina ankatiumiriza kujambula chithunzi cha banja la munthu aliyense amene tikumuthandiza, mibadwo itatu, kusonyeza amene anamwalira, amene anasiyana, amene amakhala nyumba imodzi. Mu Blantyre chithunzi chimenechi n'chofunika kuposa mmene mabuku amanenera, chifukwa muno mwasonkhana miyambo yonse. Kwa Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, ana ndi a kuchikazi, ndipo malume, mwinimbumba, ndiye ali ndi mawu. Kwa Asena a kuchigwa cha Shire ndi ambiri ochokera kumpoto, kumene amalowola, ana ndi a kuchimuna. Ukapeza ana amasiye ku Ndirande, bambo anali wa ku Mzimba, mayi wa ku Mulanje, mbali zonse ziwiri zitha kuwalimbirana, kapena mbali zonse ziwiri n'kuwakana, aliyense akuloza mwambo wa mnzake. Ukapanga dongosolo la mwana osadziwa amene ali ndi mawu pabanjapo, dongosololo limathera pakhomo la ofesi.

Phunziro limene ndimauza aliyense kuti aliikepo mtima wonse ndi la malamulo. Poyamba limaoneka louma, zaka ndi ndime zokhazokha. Koma tsiku lina mayi wamasiye wa ku Chilomoni adzakuuzani kuti abale a malemu amuna ake atenga makina osokera ndi malata a nyumba, ndipo mudzafunika kudziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda katundu wotere ndi mlandu. Mayi womenyedwa adzakuuzani kuti sangachoke chifukwa alibe kopita ndi ana, ndipo mudzafunika kudziwa kuti pansi pa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, khoti la majisitireti litha kupereka chiletso chomuteteza, ngakhale kulamula kuti wankhanzayo ndiye atuluke m'nyumba. Makolo adzakuuzani kuti iwo eni avomereza kuti mwana wawo wa zaka 16 akwatiwe, ndipo mudzawafotokozera kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, mpata wa chilolezo cha makolo n'kutsekedwa.

Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 ndilo mudzaligwiritse ntchito kwambiri. Ligulireni fotokope yanuyanu, muzililemba m'mbali. Limakhudzanso ana amene alakwira malamulo, gawo limene ambiri salikonda poyamba. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Wopitirira pamenepo akagwidwa sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo milandu ing'onoing'ono itha kupatutsidwa osafika kukhoti. Ikafika ku khoti la ana, majisitireti amadalira lipoti la wa chisamaliro cha anthu lofotokoza kumene mwanayo akuchokera, amene akumulera, ndi chimene chinamufikitsa pamenepo. Lipoti limenelo litha kuchititsa kuti mnyamata abwerere kwa agogo ake ndi kusukulu, kapena atumizidwe kumalo osinthira khalidwe ku Mpemba kapena ku Chilwa. Tsiku limene ndinamva majisitireti akuwerenga mokweza lipoti lolembedwa ndi munthu wa ntchito yathu, ndinamvetsa chifukwa chimene aphunzitsi ankatibwezera maasayinimenti kaamba ka chiganizo chimodzi chosamveka.

Atachimenti yanga yoyamba ndinaichitira pa ofesi ina yoona za ana muno mumzinda. Amene ankandiyang'anira anali mayi wachikulire amene anayamba ntchitoyi ine ndili kupulayimale, ndipo tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Nkhani imene ndifotokoze ndasinthamo zina kuti eni ake asadziwike.

Linali Lachisanu masana pamene amayi awiri a gulu loyang'anira atsikana pasukulu ina anabwera ndi mtsikana wa zaka 12, mayi ake akutsatira m'mbuyo, nkhope ili pansi. Mwanayo anali ataulula kwa aphunzitsi ake kuti bambo ake omupeza anamugwiririra. Ine m'mutu mwanga munadzaza mawu otonthoza. Madamu anawapatsa mipando, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Zachitika liti?" Anati Lachitatu usiku. Madamu anatembenukira kwa ine. "Achemwali, werengani maola." Mankhwala oteteza munthu ku HIV akagwiriridwa, amene amawatcha PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo akayambidwa msanga m'pamene amagwira bwino. Oteteza mimba nawonso ali ndi malire a nthawi. Tinali ndi mpaka Loweruka usiku. "Sitidikira mawa," anatero Madamu. Galimoto panalibe. Anatulutsa ndalama m'chikwama mwawo, tonse tinakwera minibasi mpaka ku Gulupu.

Pachipatala cha Gulupu pali malo otchedwa Chikwanekwane, kumene mwana kapena mayi wochitiridwa nkhanza amapeza achipatala, apolisi, a chisamaliro cha anthu ndi alangizi pamalo amodzi, m'malo moyenda ofesi ndi ofesi akubwereza nkhani yowawa kwa anthu osawadziwa. Tisananyamuke, Madamu analankhula ndi mwanayo kwa kanthawi kochepa, ine ndikuonerera. Anakhala pampando waufupi kuti maso awo alingane ndi ake. Sanamufunse kuti "anakugwira apa eti?" chifukwa funso lotere limaika mawu m'kamwa mwa mwana, ndipo kukhoti loya amaligwiritsa ntchito kugwetsa umboni. Anangoti, "Tandiuza chimene chinachitika, mmene ungathere." Mwanayo atapempha kuti asauze wina aliyense, Madamu sanalonjeze. Anati, "Mwana wanga, sindikuuza bodza. Ndiuza adokotala ndi apolisi okha, chifukwa ndi amene atithandize kuti zisachitikenso. Anzako a kusukulu ndi aneba sadzamva kwa ine. Ndipo iwe sunalakwe chilichonse." Anafunsanso mayi ake ngati zovala za tsikulo zinachapidwa, n'kuwauza kuti zimene zatsala azisunge mmene zilili.

Lolemba kunabwera amalume a mwanayo kuchokera kumudzi, atavala jekete, chipewa chili m'manja. Bambo womupeza uja anali ali m'manja mwa apolisi. "Madamu," anatero amalumewo, "nkhanizi n'zapachibale. Chibale ndi fupa, sichiwola. Mlamu wathuyu akamangidwa, mlongo wangayu adya chiyani? Lendi alipira ndani? Tiloleni tikakhale pansi ndi ankhoswe." Magazi anga anawira. Madamu anawathira tiyi. "Amalume, mwachita bwino kubwera. Mbumbayi ndi yanu, ndipo palibe chokhalitsa chimene ndingachite popanda inu. Koma mlanduwu wachoka kale m'manja mwanu ndi mwanga, uli m'manja mwa boma, ndipo chilango chake chimatha kufika moyo wonse m'ndende. Chimene chili m'manja mwanu ndi ichi: mdzukulu wa mayi anuyu azigona kuti, kumene abale a bamboyu sangamufikire n'kumuopseza?" Amalumewo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatchula mlongo wawo wina wa ku Machinjiri.

Ndimabwerera kawirikawiri ku zimene zinachitika m'chipinda chimenecho. Funso la amalume lija, lakuti mayiyu adya chiyani, silinali la nkhanza. Linali funso lenileni, ndipo ndi limene limachititsa kuti milandu yambiri yotere ithere panjira: mayi amasintha mawu kukhoti, mwana amatumizidwa kumudzi, mboni zimasowa. Madamu sanalinyoze funsolo. Analitenga ngati gawo la ntchito. Masabata otsatira ine ndinapatsidwa zimene zinkaoneka zazing'ono: kuonetsetsa kuti mwanayo akumwa mankhwala masiku onse 28, kukalankhula ndi ahedi a sukulu ya ku Machinjiri kuti amulandire popanda kufalitsa chifukwa, kulumikiza mayi ake ndi gulu la banki m'khonde kuti awonjezere mpamba wa tomato, kuwakumbutsa masiku a kukhoti ndi kuwafotokozera zimene zikachitike kumeneko. Mayiwo tsiku lina ankandithokoza, tsiku lina osandiyankha moni, chifukwa kwa iwo ndinali mmodzi wa anthu amene anawachotsera mwamuna pakhomo. Atachimenti yanga inatha mlandu usanagamulidwe. Mwanayo anali atamaliza mankhwala ndipo ankapita kusukulu. Ntchito yathu nthawi zambiri imakhala choncho, umachoka nkhani ili pakati, n'kusiyira wina fayilo.

N'chifukwa chake fayilo ndi chinthu chachikulu. Madamu ankawerenga zonse zimene ndalemba ndi cholembera chofiira. Ndikalemba kuti "nyumba inali yauve," ankafunsa, "Munaona chiyani?" Ndikalemba kuti "mayi sakusamala za mwana," ankati, "Amenewo ndi maganizo anu, achemwali. Lembani zimene ananena ndi zimene anachita, maganizo anu muwaike pansi paokha, muwatchule kuti ndi anu." Tsiku, nthawi, amene analipo, mawu a mwana mmene anawanenera m'Chichewa, chimene mwagwirizana, ndi amene achite chiyani pofika liti. Posankha malo a atachimenti, musathamangire bungwe la dzina lalikulu ndi magalimoto oyera. Anzanga ena anapita kumalo otero n'kukathera miyezi yonse akukonza mipando ya misonkhano ndi kulembetsa mayina a olandira alawansi. Funsani kuti adzakuyang'anireni ndani, anaphunzira ntchito imeneyi kapena ayi, ndipo adzakhala nanu pansi kangati kuti muunike milandu.

Atachimenti yachiwiri inakumana ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'chigawo chonse chakummwera anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Sukulu zinasanduka misasa. Kolera anali asanathe. Ife ophunzira anatigawa m'misasa kuti tizithandiza ogwira ntchito. Tinali titaphunzira chithandizo choyamba cha maganizo, chimene chimayenda pa mfundo zitatu: yang'ana, mvetsera, lumikiza. Kumeneko ndinaona chifukwa chake saphunzitsa kukakamiza munthu kufotokoza zimene waona. Bambo wina amene anataya mkazi ndi ana anakhala pakhonde la kalasi osalankhula ndi aliyense. Chimene ankafuna tsiku limenelo chinali munthu womuperekeza kunyumba yachisoni ku Gulupu kukazindikira matupi, ndi foni yoimbira mchimwene wake ku Thyolo.

Ntchito yambiri m'misasa inali ya kaundula ndi ya maso. Ana amene afika opanda wamkulu, ndani akuwadziwa, asatengedwe ndi aliyense wongonena kuti ndi azakhali. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a khunyu kapena a shuga ndipo anakokoloka ndi madzi, alembedwe mwakachetechete, alumikizidwe ndi achipatala lero lomwe. Zimbudzi za amayi zili kuti, kuli kuwala usiku kapena ayi. Amene akugawa ufa ndani, ndipo pali atsikana amene akuuzidwa kuti abwere okha madzulo kuti alembedwe pamndandanda. Agogo ndi olumala amene sangathe kuima pamzere akudya kapena ayi. Munthu wa mtima wabwino amene sanaphunzire amabweretsa zovala ndi chakudya, ndipo Mulungu amudalitse, tinkazifuna kwambiri. Koma mafunso awa amafunsa ndi munthu amene anaphunzitsidwa kuwafunsa.

Pali mbali ina imene imavuta kwambiri kwa ife ogwira ntchito m'dera limene tikukhala. Munthu amene wakuululira zakukhosi Lachiwiri umakumana naye pachigayo Lachinayi, ndipo amene anamuchitira nkhanza mwina mumaimba naye kwaya imodzi. Anzako a pamtondo amafuna kumva. Ngakhale amuna anga, amene anandithandiza kwambiri pa sukuluyi, anazolowera kuti ndikati "zakuntchito" ndiye kuti nkhani yathera pomwepo. Mukangoulula kamodzi, ngakhale popempherera munthuyo pagulu, dera lonse limadziwa kuti kwa inu sikosungira mawu, ndipo ana amene akanabwera sabweranso. Za ndalama nazonso n'zovuta. Munthu akakulirira kuti ana sanadye, dzanja limathamangira m'chikwama lokha. Nthawi zina umaperekadi, monga anachitira Madamu ndi ya minibasi ija, pamene moyo wa mwana unali pa maola. Koma ukazolowera, anthu amayamba kukuuza nkhani imene akuganiza kuti itulutsa ndalama, yeniyeniyo n'kuibisa, ndipo malipiro ako satha kudyetsa dera. Chokhalitsa ndi kudziwa kumene kuli thandizo: komiti yoteteza ana ya m'dera, nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, mabungwe ngati Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust amene amagwira ntchito ndi ana a m'misewu muno mu Blantyre, nambala yaulere ya 116 ya nkhani za ana ndi 5600 ya nkhanza kwa amayi ndi abambo, ndi mmene anthu amalowera mu Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ili m'maboma onse.

Nkhani zimenezi zimalowa m'thupi. Titachoka m'misasa ya Freddy ndinkadzidzimuka mvula ikangoyamba kugunda malata, ndipo ndinayamba kuletsa mwana wanga wamkazi kupita ngakhale kugolosale. Amene anazindikira ndi sisitere wa m'kalasi mwathu uja. Anasonkhanitsa ife amene tinali m'misasa kuti tizikumana tikaweruka Lamlungu, osatchula mayina a anthu, kungonena mmene zikutikhudzira. Wapolisi wina, bambo wamphamvu zake, analira pamsonkhano woyamba, ndipo tonse tinamasuka. Ambiri amene amasankha maphunzirowa ali ndi bala lawo, umasiye, nkhanza za kunyumba, m'bale amene anadzipha. Bala limenelo litha kukupatsani khutu lomva bwino, koma ngati simunalisamalire, mudzayamba kuona nkhani yanu pankhope ya munthu wina n'kumamusankhira zochita. Pezani mlangizi wanu musanayambe kulangiza ena.

Chaka chomaliza chimadyedwa ndi kafukufuku. Sankhani mutu waung'ono umene mungaufikire ndi minibasi imodzi. Wanga unali wa agogo olera zidzukulu ku Bangwe, ndipo chilolezo cha kusukulu, cha kukhonsolo ndi cha mafumu a m'dera chinatenga nthawi yaitali kuposa kufunsa mafunso kwenikweniko, choncho yambani makalata amenewo msanga.

Ndinamaliza mu 2024. Ntchito sizikudikirirani pageti, ndipo amene angakuuzeni zina akukunamizani. Boma limalemba anthu a chisamaliro cha anthu mwa apo ndi apo, ndipo mabungwe ambiri amalemba pa kontirakiti ya pulojekiti, ndalama za opereka thandizo zikatha ntchito n'kutha. Anzanga ena akadali pa ntchito zawo zakale, uphunzitsi ndi upolisi, koma tsopano ndi amene amapatsidwa nkhani za ana kumeneko. Ena analowa pulogalamu ya boma ya ophunzira ntchito omaliza digiri. Ena akudikirabe. Ine ndinabwerera ku kaunjika kwa miyezi ingapo, uku ndikuthandiza mongodzipereka pabungwe lina laling'ono, mpaka mpata unapezeka pomwepo. Pa intavyu sanandifunse za Maslow. Anandipatsa nkhani ya mnyamata wa zaka 11 wogona pansi pa shopu ku Limbe, amene akukana kubwerera kwawo, n'kundifunsa chimene ndingachite ola loyamba, sabata yoyamba, ndi amene ndingawaimbire foni. Kalata yondichitira umboni inachokera kwa Madamu.

Panopa ndimagwira ntchito ndi ana oterowo, kufufuza kwawo, kuona ngati n'kotheka kubwererako, ndi kuyendera mabanja amene awalandiranso. Kontirakiti yanga ndi ya chaka chimodzi chimodzi, choncho benchi langa la mumsika sindinaligulitse, akuliyendetsa ndi mng'ono wanga. Ku banki m'khonde ndayambanso kusunga, ulendo uno ndikufuna kosi ya uphungu wa ana, chifukwa ambiri amene timawachotsa mumsewu amafika ndi zinthu zimene digiri yoyamba inangozikhudza pamwamba.